Chifukwa chimene ndinazimitsira 3D mu kompyuta zanga zoyerekezera

Kwa zaka zingapo ndakhala ndi chizolowezi chimodzi chimene ndimachidalira kwambiri pa ntchito yanga ya pa kompyuta. Fayilo imene sindikudziwa bwino kumene yachokera, kapena pulogalamu imene ndikufuna kuiyesa ndisanayambe kuikhulupirira, sindiitsegula pa kompyuta yanga yeniyeni, koma ndimaitsegulira mkati mwa kompyuta yoyerekezera, imene anthu ambiri amangoitchula kuti VM. Imeneyi ndi kompyuta yathunthu yopangidwa ndi pulogalamu, yokhala ndi Linux kapena Windows yakeyake, ndipo imagwira ntchito mkati mwa kompyuta inayo ngati mmene munthu amakhalira m'chipinda cha m'nyumba ya eni ake. Anthu a ntchito imeneyi amati kompyuta yeniyeniyo ndi host ndipo yoyerekezerayo ndi guest, koma ine m'nkhani ino ndizinena kuti mwininyumba ndi mlendo, popeza ubale wa ziwirizi ndi womwewo. Lonjezo lonse la VM ndi lakuti mlendo angathe kuswa chilichonse cha m'chipinda chake, koma sangaboole khoma n'kulowa m'zipinda zinazo.

Chimene sindinachiganizire kwa nthawi yaitali n'chakuti ine ndemwe ndinkatsegula khomo lalikulu pakhomalo nthawi iliyonse imene ndinkapanga VM yatsopano. Pa zinthu zimene munthu amasankha popanga VM pali kabokosi kofunsa ngati akufuna kuti zithunzi za 3D ziziyenda mofulumira, ndipo ine ndinkangochonga kabokosiko osaima n'komwe, chifukwa popanda iko mawindo amasuntha molemera ndipo mavidiyo amadukizadukiza. Tsiku lina, ndikuwerenga zidziwitso za chitetezo za Linux imene ndimagwiritsa ntchito, ndinaona dzina lakuti virglrenderer pamodzi ndi CVE-2022-0135, imene ndi imodzi mwa manambala operekedwa kwa zolakwika za chitetezo zikadziwika, ndipo mawu ake anali akuti mlendo wa zolinga zoipa angathe kulemba zinthu kunja kwa malire m'memory ya mwininyumba, malo amene kompyuta imasungamo zinthu pamene ikugwira ntchito, zimene zingagwetse pulogalamu yoyendetsa VM kapena mwina kumupatsa mpata woyendetsa malamulo ake pa kompyuta yeniyeni. Nditafufuza ndinapeza kuti virglrenderer ndi chinthu chenichenicho chimene kabokosi kanga kaja kankadzutsa. Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikuiwerenga nkhaniyi mofatsa, ndipo ndikufuna kufotokoza zimene ndamvetsa.

Tiyambe ndi mmene chithunzi chimachokera kwa mlendo n'kufika pa sikirini. Njira yachidule ndi yakuti mwininyumba amapatsa mlendo dera la memory, mlendoyo amalembamo mtundu wa kadontho kalikonse ka pa sikirini, kenako mwininyumba amatenga zonsezo n'kuzionetsa. Pa sikirini ya timadontho 1920 m'lifupi ndi 1080 m'litali, pamene kadontho kalikonse kamatenga ma byte 4 (byte ndi muyezo wa malo a m'memory), dera limeneli limakwana ma byte 8,294,400, ndipo zimene ziwirizi zimauzana n'zochepa kwambiri. Vuto n'lakuti ntchito yonse yojambula imagwera purosesa, pamene khadi la zithunzi, lotchedwa GPU, limene linapangidwira ntchito yomweyo, langokhala. Pofuna kuthetsa zimenezi Dave Airlie wa ku kampani ya Red Hat anayambitsa ntchito yotchedwa Virgil 3D, imene inalowa mu mtundu wa 2.5 wa QEMU, pulogalamu yoyendetsa ma VM, kumapeto kwa 2015 ndiponso mu Linux 4.4 kumayambiriro kwa 2016. Mwa njira imeneyi mlendo saona khadi lenileni, koma amaona chipangizo choyerekezera chotchedwa virtio-gpu, ndipo driver ya Mesa yokhala mkati mwa mlendoyo, imene ndi pulogalamu yolankhula ndi chipangizocho, imasonkhanitsa malamulo ojambulira n'kuwatumiza kunja. Mbali ya mwininyumba malamulowo amalandiridwa ndi virglrenderer, imene imawamasulira kukhala malamulo a OpenGL, chinenero chofala chojambulira zithunzi, kuti khadi lenileni liwagwiritse ntchito.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Zimene zimadutsa pakhomo limeneli si timadontho tokhatokha ayi, koma ndi chinenero chathunthu. Mlendo amanena kuti mundipangire chithunzi cha msinkhu wakutiwakuti, mukopere chigawo ichi kupita apo, mutenge zinthu kuyambira pa byte yakuti, ndipo amatumizanso timapulogalamu tating'ono totchedwa ma shader, timene virglrenderer imatimasulira kuchoka ku chinenero chotchedwa TGSI kupita ku china chotchedwa GLSL isanatipereke kwa driver ya khadi. Lamulo lililonse limabwera ndi manambala ake, ndipo nambala iliyonse inalembedwa ndi mlendo. Driver yabwinobwino imatumiza manambala oona, koma palibe chimene chimakakamiza mlendo kugwiritsa ntchito driver yabwinobwino, chifukwa pulogalamu yoipa ingathe kudzilembera yokha malamulowo n'kuikamo manambala alionse amene yafuna. Chinanso chofunika kuchidziwa n'chakuti, mwa kakonzedwe kofala kwambiri, virglrenderer siikhala payokha, koma imakhala mkati mwa QEMU momwemo, kugawana nayo memory imodzi ndi mphamvu zofanana. Choncho amene walanda virglrenderer walanda QEMU, ndipo amene walanda QEMU watuluka kale m'chipinda cha mlendo.

Kwa amene salemba mapulogalamu, memory tingaiyerekeze ndi mzere wautali kwambiri wa timabokosi tokhala ndi manambala. Pulogalamu ikafuna malo imapempha timabokosi tingapo totsatizana, tinene kuti 100, ndipo imapatsidwa nambala ya kabokosi koyamba. Mabokosi oyandikana nawo amakhala ndi zinthu zina, mwina mawu amene munthu walemba, mwina adiresi yosonyeza lamulo limene pulogalamuyo idzatsatire pambuyo pake. Chinenero cholembera mapulogalamu chotchedwa C, chimene QEMU ndi virglrenderer zinalembedwera, sichiimitsa munthu amene walemba m'kabokosi ka nambala 101 kapena 5000, chifukwa chimangokhulupirira kuti wolemba pulogalamuyo anayeza kale malire. Akaiwala kuyeza malo amodzi okha, zinthu zimasefukira m'mabokosi a ena. Nthawi zambiri zotsatira zake ndi kugwa kwa pulogalamu basi, koma munthu wodziwa bwino angathe kukonza zinthu mwakuti kabokosi koyandikana nako kakhale ndi adiresi ya lamulo lotsatira, ailembenso adiresiyo, ndipo pulogalamu yonse n'kuyamba kupita kumene iye wailozera.

Zithunzi zimakulitsa ngozi imeneyi chifukwa malire ake sayezedwa ndi nambala imodzi. Kuti mudziwe kumene kukopera kwa chigawo cha chithunzi kudzathere, muyenera kudziwa poyambira m'lifupi ndi m'litali, kukula kwa chigawocho, kuchuluka kwa ma byte a kadontho kamodzi, kutalika kwa mzere umodzi m'memory, kumene akatswiri amakutcha stride, ndiponso ngati chithunzicho chili ndi magawo angapo kapena makope ang'onoang'ono. Manambala onsewa amachulukitsidwa ndi kuphatikizidwa, ndipo pamenepa pali msampha wina umene unandidabwitsa nditangoumva. Nambala yosungidwa m'malo a ma bit 32, kutanthauza ma byte 4, siingapitirire 4,294,967,295, ndipo ikapitirira imabwerera ku ziro n'kuyambiranso. Mlendo akapempha chithunzi cha 32,768 m'lifupi ndi 32,768 m'litali, pa ma byte 4 kadontho kalikonse, yankho loona ndi 4,294,967,296, koma pulogalamu yowerengera ndi ma bit 32 imapeza ziro. Ikatero imapatula malo ochepetsetsa, kwinaku ikukumbukira kuti chithunzicho n'chachikulu, ndipo pofika nthawi yolembamo imalemba kutali kwambiri ndi malo amene inapatsidwa. Kuyeza kunachitika ndithu, koma muyezo wake unali utanamizidwa.

Ming'alu imene yapezeka mu virglrenderer imatsata njira zoterezi. Mu 2019 kunalembedwa zolakwika zinayi zotsatizana, kuyambira CVE-2019-18388 mpaka CVE-2019-18391, zokhudza mtundu wa 0.8.0 ndi yam'mbuyo mwake. Choopsa kwambiri pa zinayizi chinali CVE-2019-18389, chimene chinali m'chigawo chotchedwa vrend_renderer_transfer_write_iov, chomwe ntchito yake ndi kukopera zinthu za mlendo kulowetsa m'chithunzi cha kwa mwininyumba, ndipo chidziwitso chake chinanena mosabisa kuti mlendo angathe kutulukira mu QEMU n'kuyendetsa malamulo ake kunja. Patangopita zaka zochepa kunabwera CVE-2022-0135 ija, nayonso ili pa njira yokopera zinthu. Ine sindiona kubwerezabwereza kumeneku ngati chizindikiro cha mphwayi. Ndimaona kuti kukopera zinthu pakati pa ma memory awiri, mwachangu, motsatira manambala ambiri operekedwa ndi munthu amene sungamukhulupirire, ndi ntchito yovuta mwa chibadwa chake, ndipo aliyense amene angailembe m'chinenero chosayeza malire adzaphonya penapake.

Pali mng'alu wina wa chaka chomwecho umene poyamba ndinauona ngati waung'ono, koma pambuyo pake ndinauopa kuposa inayo. Ndi CVE-2022-0175, ndipo pamenepa palibe chimene chinalembedwa kunja kwa malire. Cholakwika chinali chakuti virglrenderer inkapatula memory yoti ipatse mlendo osayamba yaifufuta, ngati munthu amene wapereka chipinda kwa mlendo watsopano osasesa, makalata a amene anagonamo dzulo akadali pa tebulo. Memory imene pulogalamu yabweza siifufutika yokha, imangolembedwa kuti ilibe mwini, ndipo zonse zimene zinalimo zimakhalabe momwemo mpaka wina atalembapo zina. Mlendo akapatsidwa memory yotere angathe kuiwerenga n'kuona zotsalira za mwininyumba. Madzi akatayika saoleka, ndipo chinsinsi chikawerengedwa palibe chigamba chokonza pulogalamu chimene chingachibweze.

Chifukwa chimene ndimauopera n'chakuti mng'alu wowerengera ndi mng'alu wolembera zimafunana. Makompyuta a masiku ano ali ndi chitetezo chotchedwa ASLR, chimene chimasintha malo a zinthu m'memory nthawi iliyonse pulogalamu ikayamba, kotero kuti wakuba wokhala ndi mphamvu yolemba kunja kwa malire sadziwa adiresi yoti alembe, ndipo akangoyerekeza amangogwetsa pulogalamuyo. Koma akapeza njira yowerengera zotsalira, m'zotsaliramo mumakhala maadiresi enieni, ndipo adiresi imodzi yokha ingamuthandize kuwerengera kumene zinthu zina zili. N'chifukwa chake masiku ano ndikaona chidziwitso chonena kuti cholakwika chakutichakuti chimangoulula zinthu, mtima wanga sukhala pansi. Ndimadzifunsa kuti chikaphatikizidwa ndi china chija chimene palibe amene wachipeza, chidzabala chiyani.

Mtundu wachitatu wa cholakwika ndi umene umandisangalatsa kwambiri kuuganizira, chifukwa umabadwa ndi kugawana memory kwenikweniko. Mu QXL, chipangizo china cha zithunzi cha mu QEMU, munapezeka CVE-2021-4207, yokhudza kachithunzi ka muvi wa mouse. Mwininyumba ankawerenga kukula kwa kachithunziko m'memory ya mlendo n'kupatula malo okwanira, kenako n'kupitanso komweko kukawerenganso manambala omwewo pa nthawi yokopera. Pakati pa kuwerenga koyamba ndi kwachiwiri pamadutsa kanthawi kochepa zedi, koma mlendo wokhala ndi mapurosesa awiri angathe kukhala akusinthasintha nambalayo mosalekeza, mpaka nthawi ina kuwerenga koyamba kupeze nambala yaing'ono ndipo kwachiwiri kupeze yaikulu. Mnzake wa cholakwika chimenechi, CVE-2021-4206, anali kusefukira kwa nambala kumene ndafotokoza kale, m'chigawo chopatula malo a kachithunzi komweko. Zimandikhudza kuona kuti kanthu kakang'ono ngati muvi wa mouse, kamene palibe amene amakaganizira, kangakhale khomo lotulukira. Lamulo limene olemba mapulogalamu otere amaphunzira n'lakuti nambala ya mlendo uiwerenge kamodzi, uikopere kwanu, uiyeze, ndipo usadzabwererenso kukaifunsa.

Ndisapereke chithunzi chakuti vutoli ndi la QEMU yokha, chifukwa pafupifupi aliyense amene anayesa kupatsa mlendo zithunzi anakumana nalo. Mu 2009, pa msonkhano wa Black Hat ku Las Vegas, Kostya Kortchinsky anaonetsa njira yotchedwa Cloudburst yotulukira mu VMware, pulogalamu ina yoyendetsa ma VM, kudzera m'chipangizo chake choyerekezera cha zithunzi, ndipo cholakwikacho chinalembedwa kuti CVE-2009-1244. VirtualBox, inanso ya mtundu womwewo, inakhala zaka zambiri ndi njira ya 3D yomangidwa pa laibulale (chigawo cha pulogalamu chimene mapulogalamu ena amabwereka) yakale yotchedwa Chromium, imene si Chromium ya Google yotsegulira masamba a pa intaneti, ndipo ofufuza anapezamo ming'alu yambiri mpaka njirayo inachotsedwa mu VirtualBox 6.1 kumapeto kwa 2019. Ngakhale chipangizo chopanda 3D sichinapulumuke. QEMU imayerekezera khadi la Cirrus Logic la m'zaka za m'ma 1990, lokhala ndi kachipangizo kokopera zigawo za chithunzi, ndipo mu 2017 munapezeka CVE-2017-2615 ndi CVE-2017-2620, zimene zinakhudzanso Xen, pulogalamu inanso yoyendetsa ma VM, chifukwa nayo imabwereka zipangizo zoyerekezera za QEMU. Khadi lenileni likapatsidwa manambala opotoka linkangoononga chithunzi cha pa sikirini, koma khadi loyerekezera ndi pulogalamu, ndipo likapatsidwa manambala omwewo limaononga memory ya mwininyumba.

Chitsanzo chimene chinasintha maganizo anga kwambiri ndi cha Microsoft. Kampaniyi inali ndi njira yotchedwa RemoteFX vGPU, yolola ma VM angapo a pa Hyper-V, pulogalamu yake yoyendetsa ma VM, kugawana khadi limodzi la zithunzi. Mu July 2020, zitadziwika kuti mlendo angathe kudutsira mmenemo n'kuyendetsa malamulo kwa mwininyumba, monga mwa CVE-2020-1036 ndi zinzake, Microsoft sinatulutse chigamba chotseka bowo limodzilimodzi, koma inazimitsa njira yonseyo, ndipo mu April 2021 inaichotseratu. Chifukwa chimene inapereka chinali chakuti vutolo linali m'kamangidwe ka chinthucho. Kampani yokhala ndi akatswiri ochuluka chonchi itaona kuti n'kwabwino kugwetsa khomo kusiyana ndi kulikonza, ine ndinadzifunsa kuti ndine yani kuti ndizilitsegula pa VM iliyonse, ngakhale imene ntchito yake ndi kutsegula fayilo imodzi yokayikitsa.

Mawu akuti kamangidwe ndi ofunika kuwamvetsa. Ngakhale virglrenderer italembedwa mosalakwitsa paliponse, kumbuyo kwake kuli driver ya khadi lenileni, imene ndi pulogalamu yaikulu kwambiri, yokhala ndi chomasulira ma shader mkati mwake ndiponso chigawo chimene chimagwira ntchito mu kernel, pamtima penipeni pa kompyuta. Ma driver amenewa analembedwa poyamba kuti masewera ndi mapulogalamu ojambula aziyenda mofulumira, pa nthawi imene palibe amene ankayembekezera kuti wotumiza malamulo angakhale mdani. Tikayatsa 3D mu VM timalumikiza mlendo ndi mulu wonsewo. Ndipo kufulumira kumene tikufunako n'kumene kumalimbana ndi chitetezo, chifukwa kuyeza kulikonse kumadya nthawi, kukopera kulikonse kumadya nthawi, ndipo wolemba pulogalamu nthawi zonse amakopeka kuti mlendo ndi mwininyumba azingogwiritsa ntchito memory imodzi popanda kukopera. Mu 2019 Microsoft inanena kuti pafupifupi 70 peresenti ya zolakwika za chitetezo zimene inkakonza chaka ndi chaka zinali za kagwiritsidwe ntchito ka memory, ndipo mu 2020 gulu lopanga Chromium ya Google linapeza chiwerengero chofanana pa zolakwika zake zoopsa. Zithunzi za mu VM zili pakatikati pa vuto limeneli.

Ndiyenera kunenanso zoona za mbali inayo, kuti ndisaopseze anthu mopitirira. Kuti mng'alu wotere ugwiritsidwe ntchito, mdani ayenera kukhala atalowa kale mwa mlendo n'kumayendetsamo pulogalamu yake, ndipo kusandutsa kusefukira kwa memory kukhala chida chodalirika ndi ntchito yofuna luso ndi nthawi. Ma seva ambiri safuna zithunzi za 3D, choncho khomo limeneli silikhalapo n'komwe. Munthu amene amagwiritsa ntchito VM kuti ayendetse pulogalamu yake yodalirika, imene siipezeka pa kompyuta yake yeniyeni, alibe chifukwa chachikulu chodera nkhawa. Koma pali mfundo imodzi imene inandichotsa mtendere. Ndinkaganiza kuti mdani ayenera kuyamba walanda mphamvu zonse za mkati mwa mlendo asanafike pa chipangizo cha zithunzi, koma pa Linux mapulogalamu wamba a munthu amene walowa pa kompyuta amaloledwa kulankhula ndi khadi kudzera m'fayilo yonga renderD128, chifukwa popanda zimenezo sangajambule mofulumira, ndipo lamulo lotumizira mulu wa malamulo ojambulira, lotchedwa VIRTGPU_EXECBUFFER, limadutsa momwemo. Limeneli ndi lamulo lenileni limene linatchulidwa mu CVE-2022-0135. Zikutanthauza kuti anthu amene ali pa ngozi kwambiri ndi amene amagwiritsa ntchito VM ngati mmene ine ndimachitira, kuikamo dala zinthu zimene sakuzikhulupirira.

Anthu amene amasamalira mapulogalamuwa sanakhale chete, ndipo ndimawalemekeza chifukwa cha mmene maganizo awo asinthira. Poyamba cholinga chinali kupeza bowo lililonse n'kulitseka, ndipo ntchito imeneyo ikupitirirabe, makamaka kudzera mu fuzzing, kumene ndi kuthira malamulo opotoka mamiliyoni ambiri m'pulogalamu n'kumaona pamene yagwa. Koma tsopano ambiri amayamba ndi kuvomereza kuti tsiku lina chomasuliracho chidzagonja, kenako n'kufunsa kuti wakubayo akatuluka adzapezeka ali kuti. QEMU ili ndi vhost-user-gpu, imene imachotsa ntchito ya zithunzi mkati mwa QEMU n'kuiika m'pulogalamu yakeyake yokhala ndi mphamvu zochepa. Nayonso inapezeka ndi zolakwika mu 2021, monga CVE-2021-3546, koma kusiyana kwake n'kwakuti amene waboola pamenepo amagwera m'kachipinda kena kotsekedwa, osati pabalaza. Pulogalamu yoyendetsa ma VM ya crosvm, imene Google inapangira makompyuta a ChromeOS, inalembedwa m'chinenero cha Rust, chimene chimayeza malire chokha, ndipo imatsekera chipangizo choyerekezera chilichonse m'kachipinda kake. Komabe pa ntchito ya 3D nayonso yakhala ikudalira malaibulale olembedwa mu C ndi C++, choncho kachipindako n'kamene kamateteza kwambiri kuposa chinenerocho. Opanga Qubes OS, dongosolo la kompyuta logawa ntchito m'ma VM osiyanasiyana, amene chitetezo ndiye cholinga chawo choyamba, kwa zaka zambiri anasankha kusapatsa ma VM awo wamba mwayi wofika pa khadi la zithunzi, ndipo anavomera kulipira mtengo wa kuchedwa.

Palinso njira yopereka khadi lathunthu kwa mlendo mmodzi, pamene chipangizo cha mu purosesa chotchedwa IOMMU chimaletsa khadilo kufika pa memory imene si ya mlendoyo. Njira imeneyi imachotsa chomasulira pakati, koma nthawi zambiri imafuna khadi lachiwiri, ndipo si kompyuta iliyonse imene ingakwanitse.

Tsono ndinene zimene ndinachita ine. Ndinagawa ma VM anga m'magulu awiri, osati potengera mtundu wa Linux kapena Windows umene ulimo, koma potengera zimene ndimaikamo. Onse amene ndimatseguliramo zinthu zosadziwika ndinawazimitsira 3D. Mu libvirt, pulogalamu yoyang'anira ma VM, zimenezi zimatheka posintha accel3d kukhala no, ndipo kwa amene amayendetsa QEMU mwachindunji ndi nkhani yosankha virtio-vga m'malo mwa virtio-vga-gl. Mlendo wotere, akakhala wa Linux, amajambulabe zinthu za OpenGL pogwiritsa ntchito llvmpipe, imene imagwira ntchitoyo ndi purosesa mkati mwa mlendo momwemo, kotero kuti cholakwika chilichonse cha mmenemo chimathera m'chipinda chake. Ndinachotsanso khadi la Cirrus pa VM ina yakale imene ndinaipanga kalekale n'kuiiwala, pamodzi ndi zipangizo zina zoyerekezera zimene sindinkagwiritsa ntchito, chifukwa chilichonse mwa izo ndi pulogalamu yomvera manambala a mlendo. Ndinaonetsetsanso kuti QEMU siiyenda ndi mphamvu za root, zimene ndi mphamvu zonse pa kompyuta, ndiponso kuti chitetezo cha SELinux kapena AppArmor chikuitchinga, monga mmene libvirt imachitira kudzera mu sVirt, kuti wotuluka mwa mlendo asapeze mafayilo anga onse ali poyera.

Chinthu chimodzi chimene ndinkalakwitsa, ndipo ndikukhulupirira kuti ambiri amalakwitsanso, ndi cha zigamba. Ndinkaika mapulogalamu atsopano mokhulupirika mkati mwa mlendo, n'kumadziona wotetezeka, pamene mng'alu wa mtundu umenewu uli kwa mwininyumba ndipo chigamba chake chiyenera kuikidwa kumeneko. Ndiponso kuika chigambacho pakokha sikokwanira. Laibulale ngati virglrenderer imalowetsedwa m'memory pa nthawi imene QEMU ikuyamba, ndipo QEMU imene ikuyenda kale imapitiriza kugwiritsa ntchito laibulale yakaleyo ngakhale fayilo ya pa disiki itasinthidwa. Kuyambitsanso Linux kapena Windows ya mkati mwa mlendo nthawi zambiri sikuthandiza, chifukwa QEMU yakunjayo siifa pamene mlendo akuyambiranso. VM iyenera kuzimitsidwa kotheratu kenako n'kuyatsidwanso, ndipo ine ndinali ndi VM imene inakhala miyezi yambiri osazimitsidwa, ikuyendabe ndi laibulale imene ndinkaganiza kuti ndinaisintha kalekale.

Pakali pano ndatsala ndi VM imodzi yokha yokhala ndi 3D, imene ndimayeseramo pulogalamu yojambula yomwe ndimaidziwa bwino, ndipo sinditsegulamo makalata kapena masamba a pa intaneti. Enawo amachedwa ndithu, ndipo sindingabise zimenezo. Ndikakoka windo limatsalira pang'ono kumbuyo kwa muvi, ndipo ndikatsegula vidiyo purosesa imatentha mpaka fani n'kuyamba kulira. Sabata yoyamba ndinabwerera kawiri pa kabokosi kaja ndili ndi maganizo okachonganso, ndipo kawiri konseko ndinaima, n'kudzifunsa kuti fayilo imene ndikufuna kutsegulayo ndaitenga kuti. Kawiri konseko yankho linali lakuti sindikudziwa bwino, ndipo kabokosiko ndinakasiya kosachonga.